Mphuno ya Ndani Ili M'chikombole?

Aliyense amene anayesapo masewera otsetsereka pa chipale chofewa, aja amati ski, adzakuuzani kuti chida choyamba kuzunza munthu ndi nsapato. Chachiwiri, kwa ife a mphuno zotakata, ndi magalasi. Sindikunena mandala owerengera ayi, koma chigalasi chachikulu chija chophimba maso onse awiri, cha siponji m'mphepete ndi lamba wozungulira mutu, chimene kuno amachitcha goggles. Ine ndine namwino, ndimagwira ntchito ku Scotland, ndipo amene anandikokera ku mapiri a Cairngorm ndi ana anga, omwe anaphunzira masewerawa ndi anzawo a kusukulu. Kugwa ndinagwa ndithu, koma kugwa aliyense amagwa. Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti magalasi alionse amene ndinkayesa ankandipana mphuno mpaka ndizipumira kukamwa, pomwe pamwamba, pakati pa maso, pankatsala mpata woti chala n'kulowa. Mnyamata wa m'sitolo ina, mwaulemu wake wonse, anati: "Amayi, ingokokani lamba akhwime." Malangizo amenewo ndi olakwika, ndipo alenje a zaka 800 zapitazo akanamuseka.

Tiyambe ndi chifukwa chimene munthu amavutikira kuphimba maso pa chipale. Si mphepo yokha. Chipale chongogwa kumene chimabweza kuwala kwa dzuwa, ndipo a World Health Organization amati chikhoza kubweza magawo mpaka 80 pa 100 alionse a cheza chowotcha chija amati ultraviolet. Ukamakwera phiri chezacho chimakulanso, pafupifupi magawo 10 pa 100 pa mamita 1,000 alionse. Diso limalandira moto kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, ndipo kakhungu koonekera ka pamwamba pa diso kamapsa. Choipa chake n'chakuti sumva kanthu nthawi yomweyo. Ululu umadza usiku, patapita maola angapo: misozi osaleka, zikope kutupa, m'maso ngati wina wathiramo mchenga. Owotcherera zitsulo a ku Ndirande kapena ku Mchesi, amene nthawi zina amagwira ntchito ndi magalasi a dzuwa ogula pamsika, matendawa amawadziwa bwino, chifukwa ndi amodzimodzi. Amapola okha pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Koma mlenje amene ali yekha pa nyanja youma ndi chisanu, kutali ndi kwawo, masiku awiri a khungu ndi imfa.

Vutoli ndi lakale. Xenophon, Mgiriki amene analemba buku la Anabasis, anafotokoza za asilikali anzake omwe ankadutsa m'mapiri a ku Armenia m'nyengo yachisanu cha m'ma 400 Yesu asanabadwe. Ena anasiyidwa m'njira chifukwa chipale chinawawononga maso, ndipo amene ankapulumuka ndi omwe ankayenda atatchinga maso ndi kanthu kakuda. Anthu a ku Tibet ankaluka zotchingira maso ndi ubweya wa ng'ombe zawo za kumapiri zotchedwa yak. Komabe amene anafika nayo patali nzeruyi ndi anthu a kumpoto kwenikweni kwa dziko, a Inuit ndi a Yupik, a ku Alaska, Canada, Greenland ndi m'mphepete mwa Siberia.

Iwowa analibe galasi. Ankatenga kamtengo kokokoloka ndi madzi, poti kwawoko mitengo simera, kapena fupa, kapena nyanga ya caribou, mtundu wa mbawala ya kumeneko, kapenanso dzino la walrus, chinyama cha m'nyanja cha mano awiri aatali. Ankasema kachidutswa kopindika kokwanira maso onse awiri, n'kuboola kampata kopyapyala kopingasa, mwina kamodzi kautali, mwina tiwiri, diso lililonse kake. Mkati ankapakamo mwaye kuti kuwala kolowako kusanyezimire, ndipo ankamanga kumutu ndi chingwe cha mtsempha wa nyama kapena chikopa. Akatswiri ofukula zakale apeza zotere za zaka pafupifupi 2,000 cha ku Bering Strait, ndipo pa chilumba cha Baffin ku Canada panapezeka za dzino la walrus za m'zaka za m'ma 1200. Zinkafunika kwambiri m'miyezi imene dzuwa labwerera pambuyo pa mdima wa nyengo yachisanu, koma chipale chisanasungunuke, nthawi imene alenje amayenda maulendo aatali.

Ndinaonapo zina m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo poyamba zimaoneka ngati choseweretsa ana. Ukaziganizira bwino mpamene umagoma. Kampata kaja kamachepetsa kuwala, komanso kamathandiza diso kuona chakutali momveka, monga zimachitikira munthu akatsinzinira pang'ono. Popeza palibe galasi, palibenso chochita nthunzi kapena kuundana. Ndipo mfundo imene ine yandigwira mtima ndi iyi: chidacho chimagwira ntchito pokhapokha chitagona pankhope popanda mpata, kuti kuwala kuzilowera pakampata paja pokha. Choncho wosema ankasema motsatira nkhope ya wovalayo. Ankagoba malo a mphuno, kuyesa, kupalanso, kuyesanso, mpaka mtengo ndi nkhope zitagwirizana. Ngati penapake pakutsina, wolakwa ndi mtengo, ndipo mpeni unali pafupi. Palibe mlenje amene akanauzidwa kuti mphuno yake ndiyo yavuta.

Azungu atayamba kukwera mapiri a Alps ndi kupita kumalekezero a dziko, anabwera ndi galasi lakuda. Poyamba ena ankangofunda nsalu yopyapyala kumaso, kenako kunabwera timagalasi tiwiri tozungulira, tokhala m'zibekete zazing'ono za chitsulo kapena chikopa. Galasi linkatchinga kuwala bwino, koma linabweretsa mavuto ake: nthunzi, kuundana, chitsulo chozizira pakhungu, ndiponso m'mphepete mwake munkabisa pomwe munthu akuponda. Ndipo magalasi akavuta munthu amawavula. Pa 4 June 1924, Edward Norton anakwera phiri la Everest mpaka pafupifupi mamita 8,570 popanda mpweya wa m'mabotolo. Tsiku limenelo anavula magalasi poona kuti akuyenda pamiyala ndipo chipale n'chochepa. Usiku womwewo maso anatsekeka, moti potsika anachita kumugwira, dokotala wa gululo, Richard Hingston, akumuikira mapazi popondapo. Mu June 1950, gulu la Afalansa litagonjetsa phiri la Annapurna, Lionel Terray ndi Gaston Rébuffat anavula magalasi mkati mwa chimphepo cha chipale kuti aone njira, pofuna kupulumutsa anzawo awiri, Maurice Herzog ndi Louis Lachenal, amene zala zawo zinali zitauma ndi chisanu. Kutacha, opulumutsawo ndiwo anali akhungu. Awa sanali achibwana, anali akatswiri a m'badwo wawo. N'chifukwa chake sindivomera munthu akamati kudandaula za magalasi otsina ndi kudzikonda. Chida chozunza chimathera m'thumba, ndipo m'thumbamo sichiteteza diso.

Ntchito yopanga magalasiwa inakulira m'timatauni tingapo ta ku Ulaya. Ku Morez, m'mapiri a Jura ku France, Jules Baud anayambitsa kampani ya Julbo mu 1888, ndipo pambuyo pake inkapangira magalasi anthu a ku Chamonix amene ankakwera mapiri kukasaka miyala yonyezimira yogulitsa. Chaka chomwecho ku Oyonnax, chapafupi pomwepo, banja la Bollé linayamba ndi kupanga zipeso ndi zokongoletsa tsitsi, magalasi anabwera pambuyo. Ku Fürth ku Germany, Philipp Winter anayamba mu 1926 kupanga magalasi oteteza maso a anthu apantchito, ndipo kampani yakeyo ndi imene lero imatchedwa Uvex. Pa nthawiyo masewera a ski anali akusintha. Mpikisano woyamba wa Olympics wa nyengo yachisanu unachitikira ku Chamonix mu 1924, ndipo mu 1936 ku Garmisch-Partenkirchen anaonjezamo mipikisano yotsetsereka phiri mwaliwiro. Munthu wothamanga chotero safuna kutchinga dzuwa lokha. Afuna kutchinga mphepo ndi chipale chouluka, ndipo afuna kuona mbali zonse. Timagalasi tiwiri tija tinagonja, m'malo mwake munabwera galasi limodzi lalikulu la pulasitiki, lofanana ndi la oyendetsa njinga zamoto ndi ndege. Galasi limodzi lopingasa nkhope yonse liyenera kudumpha mphuno, ndipo apa mpamene mlandu wathu unayambira.

Koma chimene chinkasowetsa anthu mtendere nthawi imeneyo chinali nthunzi. Nkhope ndi yofunda ndipo imatuluka thukuta, kunja kukuzizira koopsa, ndiye galasi limachita zimene limachita botolo la chakumwa lochokera mufiriji masana a Okutobala: limatuluka mame, koma mkati, pamaso penipeni. Amene anathetsa vutoli sanali wopanga magalasi. Anali Bob Smith, dokotala wowongola mano wa ku America, amene ankakonda kutsetsereka pa chipale chakuya cha kumapiri a kumadzulo kwa dzikolo. Mu 1965 iye anamata magalasi awiri, kusiya mpweya pakati pake, kuti galasi lamkati lisazizire ngati lakunja, ndipo m'mphepete anaika siponji yolola mpweya kudutsa koma yotchinga chipale. Oyambirira ankawapanga pamanja ndi mkazi wake patebulo la kunyumba, ndi zipangizo zake za mano, n'kumasinthanitsa ndi matikiti okwerera phiri. Kampani ya Smith inakhazikika ku Sun Valley m'chigawo cha Idaho, ndipo pafupifupi magalasi onse a ski a lero amatsatira nzeru yakeyo. Zimandiseketsa pang'ono kuti munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kudinda mano a wodwala aliyense payekhapayekha, podziwa kuti palibe pakamwa pawiri pofanana, ndi amene anatsegula njira ya magalasi opangidwa zikwizikwi ofanana. Sindikumuimba mlandu. Nthunzi anaigonjetsadi.

Fakitale imagwira ntchito ndi chikombole. Pulasitiki yosungunuka imathiridwamo, ndipo chilichonse chotuluka chimakhala ndi maonekedwe amodzi. Chikombole n'chodula, choncho kampani imasema chimodzi kapena ziwiri, motsatira nkhope ya anthu amene ikuyembekeza kuti agula. Kwa zaka zambiri ogulawo anali a ku Austria, Switzerland, France, Norway ndi America, ambiri a iwo a mphuno zopyapyala zotukuka pakati pa maso. Pansi pa magalasi pali malo ogobeka ngati denga la nyumba, osongoka pamwamba, otambasuka pansi. Pa mphuno yotukuka, nsonga ija imakhala pafupa lolimba la pamwamba, ndipo fupalo limanyamula katundu yense osamva kanthu. Pa mphuno ngati yanga, yotsika pamwamba ndi yotakata pansi, nsongayo imalendewera m'malere. Magalasi amatsetsereka mpaka atapeza pogwira, ndipo pogwirapo ndi mbali ziwiri zofewa za mphuno, pomwe mpweya umadutsa. Ndiye umapanidwa pansi, pamwamba pali chibowo. Ukayamba kupumira kukamwa, mpweya wofunda umakwera n'kulowa pachibowo chija, nthunzi imene Smith anaithamangitsa n'kubwereranso. Kukoka lamba sikutseka chibowocho, kumangoonjezera kupana.

Ife a m'zipatala nkhaniyi si yachilendo. Nthawi ya Covid-19 aliyense wa ife ankayesedwa ngati masiki yolimba ija ikugwira bwino kumaso, ndipo zinkaonekeratu kuti amayi ndi anthu ochokera ku Africa ndi Asia ndi amene kawirikawiri ankayesa mtundu uwu ndi uwo osapeza yowakwana. Mbiri yake imadziwika. Ku America, muyeso wa nkhope umene unkagwiritsidwa ntchito poyesa masiki otere kuyambira m'zaka za m'ma 1970 unachokera pa nkhope za asilikali a ndege zankhondo zimene zinayezedwa mu 1967 ndi 1968. Panadutsa zaka zoposa 30 bungwe la boma loona za chitetezo cha anthu apantchito, lotchedwa NIOSH, lisanayezenso nkhope za anthu wamba apantchito pafupifupi 4,000 mu 2003. Palibe amene anakhala pansi n'kupangana kuti ena asapume bwino. Anangoyeza amene anali pafupi, n'kuwatcha anthu onse.

Oyamba kukakamiza makampani a magalasi kusintha anali a ku Japan, ndipo anatero ndi chikwama. Dzikolo linachititsa Olympics ya nyengo yachisanu ku Sapporo mu 1972, koyamba ku Asia, kenako ku Nagano mu 1998, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anthu oposa 18 miliyoni kumeneko ankachita masewera a pachipale. Analinso ndi opanga awoawo, monga kampani ya Yamamoto Kogaku ya ku Osaka, yoyamba mu 1911, imene imapanga magalasi a Swans motsatira nkhope za kwawo. Makampani a ku America ndi Ulaya ataona msika wotere anayamba kutulutsa mtundu wina umene anautcha Asian fit, ndipo masiku ano ambiri amaulemba kuti low bridge fit, kutanthauza wa anthu a mphuno yotsika pakati pa maso. Kusiyana kwake kawirikawiri ndi siponji yoonjezera pansonga paja, yotseka chibowo, nthawi zina ndi kusintha pang'ono kapindikidwe ka felemu.

Ambiri a ife mtundu umenewu umatithandiza, ndipo ndi umene ine ndimavala. Koma ndinene zoona, unasemedwa poganizira nkhope ya ku Tokyo ndi Seoul. Umatseka chibowo cha pamwamba, koma sikuti nthawi zonse umatambasula malo a pansi, ndipo siponji ikachuluka mwina kupana kumakulanso. Chonsecho anthu akuda pa chipale si a dzulo. Ku America, Ben Finley ndi Art Clay anasonkhanitsa magulu a anthu akuda okonda ski ku Aspen mu 1973, ndipo m'menemo munabadwa bungwe la National Brotherhood of Skiers limene lilipo mpaka lero ngakhale linasintha dzina. Lamine Guèye wa ku Senegal anapikisana nawo ku Olympics ya ku Sarajevo mu 1984. Kwame Nkrumah-Acheampong wa ku Ghana, wobadwira ku Glasgow kuno, anaphunzira ski pa chipale chopanga cha m'nyumba ku Milton Keynes, komwe ankagwira ntchito, ndipo anakafika ku Olympics ya ku Vancouver mu 2010. Ngakhale kwathu kum'mwera kwa Africa, ku Lesotho kuli malo a Afriski, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000, kumene anthu amatsetsereka m'miyezi ya June mpaka August. Mphuno zilipo zambiri. M'masitolo amene ine ndalowamo, zikombole zake n'zimene zikuchedwa.

Zaka zaposachedwapa kwabwera wopana wina, amene ambiri samuganizira: helemeti. Kale anthu ankatsetsereka ndi chipewa cha ubweya, koma kuyambira m'ma 2000 helemeti yafala, ndipo dziko la Italy linalamula mu 2005 kuti ana azivala. N'chinthu chabwino, ine monga namwino sindingatsutse. Koma mlomo wa helemeti umakhala pamphumi, pamwamba penipeni pa magalasi. Helemeti ikakhala yotsika, kapena magalasi akakhala aatali, monga mafashoni a masiku ano amakondera zigalasi zazikulu zophimba theka la nkhope, helemeti imakankhira magalasi pansi, ndipo pansipo pali mphuno. Magalasi amene anakukwana bwino m'sitolo uli mutu wopanda kanthu akhoza kukutsamwitsa paphiri. Amene amavalanso mandala a maso ali ndi vuto lachitatu, chifukwa mandalawo nawo amakhala pamphuno pomwepo. Iwowa ayenera kufunsa mtundu wolembedwa OTG, umene uli ndi malo okwanira mandala mkati ndi mipata ya miyendo yake m'mbali.

Chodabwitsa n'chakuti luso lamakono likubwerera kumene a Inuit anayambira. Cha m'ma 2022 kampani ya Smith yomwe ija inayamba kugulitsa magalasi opangidwa motsatira nkhope ya munthu mmodzi: umajambula nkhope yako ndi foni, iwo n'kupanga felemu pa makina osindikiza zinthu a 3D, yogona ndendende pamphumi, m'masaya ndi pamphuno pako. Anthu anaitama ngati nzeru yatsopano. Ine ndimaona kuti ndi nzeru ya mlenje wa ku Baffin, kungoti mpeni wasanduka kompyuta, ndipo mtengo wake ndi madola mazana angapo, pomwe mlenje uja ankangotola kamtengo m'mbali mwa nyanja. Kwa banja lopita kuphiri kamodzi pachaka, ana akukula nkhope zikusintha, zimenezo n'zosatheka.

Choncho inu abale amene muli ku Britain, Canada, Norway kapena ku Joni ndipo ana akukukokerani ku chipale, musagule magalasi pa intaneti musanawayese, ndipo musawasankhe chifukwa cha mtundu wa galasi lonyezimira. Pitani kusitolo ndi helemeti imene mudzavale, muivale kaye, magalasi pambuyo. Lamba akhale womasuka, wongokwanira kuti magalasi asagwe. Tsekani pakamwa mupume ndi mphuno yokha, mwamphamvu ngati mwakwera chitunda, ndipo ngati mpweya ukuvuta kapena mawu anu akumveka ngati a chimfine, avuleni. Pisani chala pakati pa maso: chikalowa, funsani a low bridge fit. Ngati amenewonso akupana m'munsi, yesani a kampani ina, chifukwa iliyonse ili ndi chikombole chake, kapena a felemu yaifupi imene sitsika kwambiri pamphuno. Khalani nawo kumaso mphindi zingapo mukuyendayenda m'sitolomo, poti siponji imanyenga poyamba. Wogulitsa akakuuzani kuti mudzazolowera, mubwezereni magalasi akewo mwaulemu, mupemphe ena.